Atsikana a m'bala ndi alakatuli athu

Ku Kachulu nyanja ikaphwa, anthu amalowera kutauni. Nyanja ya Chilwayo itauma mu 1995, mabwato atangoti mbwee pamatope ong'aluka, anyamata amene ndinakula nawo anakayamba kusenza katundu padepoti ya Zomba, ena anakafika ku Ndirande. Atsikana ena amene ankayanika matemba pathandala anakathera m'mabala. Kumudzi mayina awo anasiya kumveka. Munthu akafunsa, amayi ankangoti, "Ali kutauni," n'kupitiriza kupeta.

Mlakatuli woyamba amene ndinamuona akuwawerengera anthu otere anali Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College. M'buku lake la 1981, Of Chameleons and Gods, muli ndakatulo ya atsikana a ku Smiller's Bar, akumwa mowa ndi kuvina simanjemanje. Sawatukwana ayi. Chala amaloza odziyeretsa. Bukulo linachotsedwa m'masitolo mu 1985, ndipo mu September 1987 mwini wake anatsekeredwa kundende ya Mikuyu, m'chigwa chathu chomwechino, mpaka 1991, osazengedwa mlandu. Ine ndinaliwerenga litakutidwa ndi nyuzipepala, chitseko chili chotseka. Chinkandiwawa n'chakuti linali m'Chingerezi: atsikana ngati amenewo sakanalimva ngakhale wina atawawerengera.

Lero mantha aja anatha, ndipo ndakatulo inabwerera m'Chichewa. Msodzi pachimbowera amamvera Robert Chiwamba pafoni uku akusoka ukonde. Mnyamata wa kabaza amayimba nyimbo za Fredokiss zokamba za moyo wa kugheto ngati kuti anapekera iyeyo. Zimenezi ndimazikonda, ndipo sindilakalaka masiku a chitseko chotseka.

Koma pali chimene chimandidetsa nkhawa. Alakatuli ambiri atsopano, pofuna kuseketsa anthu, amatenga mkazi wa m'bala kukhala ndiwo. Amamutcha dzina loipa lija, holo yonse n'kufa ndi phwete. Safunsa kuti anachoka kuti, kapena kuti nyanja ya kwawo inaumanso liti. Mu 2018 Chilwa itaphwanso, ndinaona atsikana ena akukwera galimoto ya ku Zomba ndi kachikwama kamodzi. Ndakatulo zonyozazo zimalira pasipika m'mabala momwe anakapezamo ntchito, ndipo tsopano amamva liwu lililonse, uku akutsegulira kasitomala botolo.