Cooler box, mpopi ndi nzeru za agogo

Anthu ambiri akamva za mowa wofulula pakhomo amaganiza za mgolo, nkhuni ndi utsi, apo ayi mashini onyezimira omwe timawaona pa YouTube. Pakati pa ziwirizi pali njira ina yomwe ine ndinasankha: kudzipangira ndekha chiwiya choviikira chimera, ndi zinthu zopezeka m'sitolo za hardware. Kuitanitsa chiwiya chotere kunja, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira, ndi maloto chabe kwa munthu wongoyamba kumene ntchito. Koma njira yotchipayi ilinso ndi chiopsezo chake. Chiwiya chikakhala chosalongosoka, makilogalamu asanu a chimera ndi tsiku lonse la Loweruka zimapita pachabe.

Tiyambe ndi ntchito ya chiwiyachi. M'chimera muli sitalichi ndi ma enzyme. Ukachiviika m'madzi otentha madigiri pakati pa 64 ndi 68 kwa ola limodzi, ma enzyme aja amasandutsa sitalichi kukhala shuga, ndipo shugayo ndiye chakudya cha yisiti pambuyo pake. Ukakhala cha ku 64, mowa umatuluka wopepuka m'kamwa. Cha ku 68, umakhala wolemerako ndi wotsekemera pang'ono. Madzi akafika cha ku 78, ma enzyme amasiya ntchito. Ndiye chiwiyachi chili ndi ntchito ziwiri basi: kusunga kutentha kwa ola lathunthu, ndi kutulutsa madzi otsekemera kusiya zotsalira za chimera mkati.

Ntchito yoyambayo cooler box imaitha kale. Inapangidwa kuti isunge kuzizira, koma khoma lomwelo limasunganso kutentha. Yanga ndi ya malita pafupifupi 40, yokwanira mowa wa malita 20, womwe umafuna chimera cha makilogalamu anayi kapena asanu. Ndinasankha yokhala ndi kabowo kotulutsira madzi pansi kuti ndisavutike ndi kuboola. Ndinachotsa kachitsekerero kake n'kuikapo kapayipi kamazinga ka theka la inchi, mawashala a labala mbali zonse ziwiri, ndi mpopi wa chogwirira kunja kwake.

Sefa ndiye mtima wa zonse. Mukudziwa kapayipi kopindika kaja kolowetsa madzi m'thanki ya chimbudzi, kokutidwa ndi waya wolukalukana? Ndinagula katsopano, n'kudula mitu yake yonse iwiri ndi sowo yodulira zitsulo, kenako n'kusolola labala wamkati ndi pulayazi. Chotsala ndi kathumba ka waya wosachita dzimbiri. Mbali imodzi ndinaipinda n'kuifinya kuti itsekeke, inayo ndinaimangirira pa kapayipi ka mkati mwa bokosi ndi kilampu. Chenjezo apa: tina timakutidwa ndi pulasitiki wopaka mtundu wasiliva, wongooneka ngati waya. Muzikanda kaye musanalipire. Ogulitsa atandifunsa kuti, "Chimbudzi chake n'chotani, bwana?" ndinangoti chachilendo, tonse n'kuseka.

Ena amalumikiza mapayipi a kopa pansi pa bokosi, n'kuwacheka timizere ndi sowo, timizereto tikuyang'ana pansi. Amene alibe cooler box angathe kutsata njira yomwe Charlie Papazian wa ku America anaitchukitsa m'buku lake la 1984: ndowa ziwiri, ina yoboola timabowo tambirimbiri pansi, n'kuilowetsa mu inzake ya mpopi. Ndowazo uzikutira ndi bulangete. Palinso njira yomwe inafala kuchokera ku Australia, yoviika chimera m'thumba la nsalu yopyapyala mumphika waukulu, ola likatha n'kungolitukula. Telala wa pamsika angakusokereni thumbalo tsiku limodzi.

Musanathire chimera, yesani chiwiyacho ndi madzi otentha okha. Tsekani, dikirani ola, muone ngati chikudontha ndiponso kuti kutentha kwatsika bwanji. Changa chimataya digiri imodzi kapena awiri, makamaka ndikachitenthetsa kaye mkati. Pa tsiku lofulula ndimathira malita pafupifupi atatu pa kilogalamu iliyonse, madziwo ali cha ku madigiri 73, chifukwa chimera chozizira chimawatsitsa. Ola likakwana ndimatapa pang'ono pa mbale yoyera n'kudonthezapo ayodini, monga tinkachitira mu Biology ku sekondale. Pakada, ndiye kuti sitalichi idakalipo. Mtundu ukapanda kusintha, zatheka, ndipo zapambalezo ndimataya. Malita oyamba amatuluka amatope, choncho ndimawabwezera pamwamba pang'onopang'ono mpaka ayere, kenako n'kutsuka chimeracho ndi madzi a madigiri 75.

Vuto lenileni kwathu kuno ndi chimera chimenecho. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwera balere, yemwe sapezeka wamba m'misika yathu. Ife tili ndi mapira ndi mawere. Sitalichi ya mapira imafuna kutentha kwambiri kuti ifewe kusiyana ndi ya balere, kutentha komwe kumafooketsa ma enzyme. Komanso mapira alibe mankhusu ngati a balere, omwe amathandiza madzi kudutsa. Nkhani ya mankhusu ndi yosavuta: mankhusu a mpunga otsuka bwino, a ku chigayo, amagwira ntchito yomweyo. Za kutenthazo ndi zomwe zinandisowetsa tulo.

Yankho linachokera kumudzi. Nditapita kukaona agogo anga aakazi, ndinawaonetsa zithunzi za bokosi langa pafoni, ine ndikufotokoza za ma enzyme ngati mphunzitsi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwanawe, thobwa wakhala ukumwa zaka zonsezi sunaonepo mmene timachitira?" Amayamba aphika phala la ufa wa chimanga mpaka lipse, n'kuliphula kuti lizizireko, ndiyeno pamenepo n'kuthira chimera. Phala lolimba lija limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Ndinawafunsa kuti, "Agogo, mumadziwa bwanji kuti lazizira mokwanira?" Anangondionetsa chala.

Zomwe mabuku amafotokoza m'masamba ambirimbiri, amayi a m'midzi akhala akuchita kuyambira kalekale: kufewetsa sitalichi pamoto waukulu, kenako kuteteza mphamvu ya chimera poziziritsa. Tsopano ndimaphika kaye gawo la ufa padera, n'kulisakaniza ndi chimera m'bokosi kutentha kukatsika. Fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, koma luso lofulula inalipeza lili kale m'dziko muno. Chimene chimandiwawa n'chakuti anzanga ena omwe amachita chidwi ndi bokosi langa ndi omwewo amanyoza mayi wofulula masese kuti ndi wotsalira, chonsecho ambiri mwa ife fizi yathu inachokera mu mgolo womwewo.

Pali zinthu zomwe sindinyengerera. Chigubu chomwe munali mafuta a galimoto, penti kapena mankhwala a m'munda, ayi ndithu, ngakhale chitsukidwe kangati. Payipi ya PVC wamba siyenera madzi otentha, ndipo chitsulo cha galvanised sichigwirizana ndi madzi owawasa ngati awa. Chiwiya chitsukidwe tsiku lomwelo, chifukwa zotsalira za chimera zikagona zimanunkha koopsa; nkhuku ndi nkhumba zimazikonda zikadali zatsopano. Kufulula kwa pakhomo si kutcheza kachasu, komanso kugulitsa mowa kumafuna chiphaso. Ndipo mowa ndi wa akuluakulu: ana pakhomo apatsidwe thobwa, zinazo zikhale kotsekera.

Ngati mwakopeka, thermometer yabwino ikhale yoyamba kugula, bokosi pambuyo. Koma musanawononge bandulo yonse pa mavidiyo a ku Oregon, imbani foni kumudzi. Funsani azakhali kapena agogo kuti mawere amawaviika masiku angati, amawafunditsa ndi chiyani, ndipo amawayanika atamera motani. Lembani zonse m'kope pamene eni ake adakalipo kuti akuwongolereni.