Mlandu suola, ndinkatero

Ndalama zonse zimene ndinkatumizira mng'ono wanga kuchokera ku Durban ndinkazilemba m'kabuku ka chikuto chofiira: tsiku, kuchuluka kwake, ndi dalaivala wa basi amene wazinyamula. Kabukuko ndi kamodzi mwa tinthu tochepa timene ndinathawa nato mu Epulo 2015, anyamata a kumeneko atayamba kuthamangitsa alendo, kuthyola mashopu ndi kuotcha zisakasa. Tinagona m'matenti pa bwalo lamasewero mpaka mabasi amene boma lathu linatumiza anabwera kudzatitenga. Njira yonse, kuyambira pa Beitbridge, kudutsa Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka pa Mwanza, anzanga ankadandaula katundu amene anasiya. Wina firiji, wina makina osokera, wina malipiro a miyezi iwiri. Ine ndinali duu, ndipo mumtima ndinkadzitama ndithu. Thukuta langa linali litatsogola kale kumudzi. Ku Chiradzulu, pafupi ndi msika wa kwathu, kunkandidikira nyumba ya zipinda zitatu, ya njerwa zootcha, ya malata.

Ndinapeza maziko okha. Khoma linafika m'chiuno mbali imodzi, ndipo m'chipinda chimene ndinkati chidzakhala chogona munali mutamera chisoso. Mbuzi za anthu zinkausa pamenepo.

Ndalama zinandiwawa, koma chimene chinandilasa kwambiri ndi chithunzi. Mu 2014 mng'ono wangayo ananditumizira pa foni chithunzi cha nyumba yokhoma kale malata, ndipo ine ndinkachionetsa anzanga ku fakitale kumene tinkasoka zovala. Ndinadzamva kuti nyumbayo inali ya mphunzitsi wina wa kutsidya kwa mtsinje.

Mng'ono wangayo anabwera madzulo a tsiku limene ndinafika, chipewa chili m'manja. "Achimwene, takhalani pansi kaye ndikufotokozereni." Sindinakhale. Ndinamuuza pamaso pa akazi ake kuti kuyambira tsikulo alibe mkulu wake, ndipo mawu amenewo ndinawasunga zaka 8. Tikakumana mu msika ndinkayang'ana tomato. Ana ake akandipatsa moni ndinkayankha ndi mutu.

Moyo unapitirira. Mayi a kunyumba anakongola ndalama ku banki m'khonde, tinagula makina akale, ndinayamba utelala pa khonde la sitolo ina. Tinkakhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Ndinabwereranso ku tchalitchi ndi mphamvu, ndipo mu 2018 anandisankha kukhala mkulu wa mpingo. Anthu ankanditenga ngati munthu wofatsa amene wakumana ndi zokhoma koma osagwedezeka, ndipo ine ndinkakonda kuonedwa choncho. Kulakwiridwa kuli ndi kukoma kwake: umayenda utatukula mutu, aliyense akukumvera chisoni, ndipo palibe amene amakufunsa za iwe mwini. Mng'ono wanga poyamba ankakhala pa benchi ya kumbuyo. Nditayamba kuimirira kutsogolo ndi kugawa nawo mgonero, anasiya kubwera. Ine ndinati ndi umboni wakuti mtima wake ukumutsutsa.

Tikamapemphera Pemphero la Ambuye, pofika pa mawu okhudza kukhululukira anzathu ndinkatsitsa liwu, milomo yokha n'kumayenda. Ndinkadziwa chimene ndinkachita. Koma ndinali ndi yankho lokonzeratu: munthu amene sanabweze zimene anaba sanalape, ndipo wosalapa sakhululukidwa.

Amayi anamwalira mu 2019. Anakhala zaka zambiri dzanja ndi mwendo wa kumanzere zili zofooka, ndipo kulankhula kunkawavuta. Pasiwa ine ndinakhala mbali iyi, mng'ono wanga mbali iyo. Anabweretsa ndalama zake zochepa kuti tiphatikize pogula bokosi, ine ndinazibweza kudzera mwa mwana. Titachoka ku manda amalume anatiitana tonse awiri kuseri kwa nkhokwe. "Ana inu, mayi anu apita mtima uli m'mwamba chifukwa cha inu. Chibale ndi fupa, sichiola." Ine ndinayankha kuti mlandunso suola. Amalume anangogwira ndodo yawo n'kunyamuka.

Ndiye kunabwera namondwe wa Freddy. Amene anali ku chigawo cha kummwera mu Malichi 2023 sasowa kuuzidwa. Mvula inagwa usana ndi usiku osapuma, mapiri anatsitsa matope ndi miyala, ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche nyumba zinakwiririka ndi anthu ali m'kati, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Kwathu nyumba za zidina zinkangosungunuka ngati mchere. Usiku wachitatu, magetsi atazima kale, tinamva kugogoda. Nditatsegula, tochi ya foni inaunika mlamu wanga ali ndi mwana kumsana, ana ena awiri atagwirana manja, matope mpaka m'mawondo. Kumbuyo kwawo kunali mng'ono wanga, atasenza kathumba ka ufa konyowa. Khoma la nyumba yawo linali litagwa, ndipo njira ya ku sukulu kumene anthu ankathawira inali itadulidwa ndi madzi.

Ndikulemba zimene ndinachita monga momwe zinalili. Ndinati, "Alamu, lowani ndi ana." Atalowa ndinatseka chitseko. Iye anatsala pakhonde.

Mayi a kunyumba sananene kanthu poyamba. Anavula ana zovala zonyowa, anawafunditsa zitenje, anakoleza mbaula n'kutereka phala. Ine ndinakhala pa mpando, ndikumva mvula ikumenya malata, ndikudziuza kuti ndachita zokwanira, pakuti ana osalakwa ndawalandira. Kenako anandiitanira ku chipinda. Analankhula motsitsa kuti alendo asamve.

"Bambo, kabuku kanu kofiira kali m'sutikesi, ndimakaona. Kanga munayamba mwakaonapo?"

Apa ndiyenera kunena zimene anthu a ku tchalitchi sankadziwa. Kuyambira 2012 mpaka chakumapeto kwa 2013 ndinkakhala ndi mkazi wina ku Durban. Miyezi yoposa khumi sindinatumize kanthu kwa akazi anga, ndipo foni yawo sindinkayankha. Ndalama za nyumba zokha ndi zimene zinkapitabe, kwa mng'ono wanga, chifukwa nyumbayo inali ulemu wanga. Akazi anga ankalima maganyu ndi kugulitsa mandasi kuti mwana wathu asasiye sukulu. Nkhani anaimva kwa munthu wa kwathu amene anabwera kutchuthi. Nditafika mu 2015 wopanda kanthu, anandifunsa kamodzi kokha, ndipo ndinavomera. Sanaitanitse ankhoswe, sanakauze amayi a Mvano. Anangoti mawa lake tipite tonse kukayezetsa magazi. Tinapita, Mulungu anatichitira chifundo, ndipo kuyambira pamenepo sanaitchulenso nkhaniyo ngakhale tikayambana. Anaitchula usiku umenewo, patapita zaka 8, osati pofuna kudzilipsira, koma chifukwa cha munthu amene anali kunjenjemera pakhonde.

Fanizo la pa Mateyu 18 ndinali nditalilalikirapo kangapo ku mlaga. Kapolo amene mfumu inamufafanizira ngongole yoti sakanaimaliza ngakhale atagwira ntchito moyo wake wonse, anatuluka n'kukagwira pakhosi mnzake chifukwa cha ndalama zokwana malipiro a masiku 100 okha. Ndinkalifotokoza bwino, mpaka amayi kumavomereza ndi mitu. Sindinaganizepo ngakhale tsiku limodzi kuti manja ali pakhosiwo ndi anga. Ngongole yanga kwa Mulungu ndinkaitchula m'mapemphero ngati chinthu chakutali, chopanda nkhope. Usiku umenewo inali ndi nkhope, itaimirira patsogolo panga, manja ali ndi mwaye wa mbaula.

Ndinatsegula chitseko. Anali atakhala chonjuta pa ngodya, kathumba ka ufa atakakumbatira. Mawu amene ndinatha kutulutsa ndi amodzi: "Lowa." Anayankha kuti, "Zikomo achimwene," ngati kuti ndamupatsa chinthu chachikulu, ndipo zimenezo zinandichititsa manyazi kuposa mawu a akazi anga.

Musaganize kuti kunacha tikuseka. Anakhala nafe milungu itatu, anthu asanu ndi atatu m'zipinda ziwiri, ndipo sabata yoyamba tinkangolankhulana za madzi akumwa ndi nkhuni. Inali nthawi ya kolera, choncho aliyense anali ndi ntchito yotunga ndi kuwiritsa madzi. Tsiku lina tikuchokera ku mjigo ndinatula ndowa pansi n'kumuuza kuti anene zimene ankafuna kunena mu 2015.

Anayamba ndi kwacha. Itagwa mphamvu mu Meyi 2012, simenti inakwera, ndipo ndalama zimene tinawerengera limodzi sizinkakwananso. Kenako mu 2013 amayi anagwa kumunda, ziwalo zinafa mbali imodzi. Anawatengera ku Nguludi, chipatala cha mishoni kumene munthu amalipira, ndipo anagonekedwa kawiri. Anandiimbira kambirimbiri, foni yanga inkangoitana. Ndi miyezi yomwe ija imene ndinkaopa nambala iliyonse ya ku Malawi. Anatapa ndalama za malata, akuti adzabweza. Pofuna kubweza anayamba geni ya kaunjika ku Limbe, geni inagwa, ndipo zotsala anamwera. Apa sanazungulire. "Zina ndinadya, achimwene. Chithunzi chija ndinakunamizani chifukwa cha mantha."

Usiku ndinatulutsa kabuku n'kuwerengera. Mongoyerekeza, gawo limodzi linalowadi m'maziko ndi njerwa, lina linasamala amayi, lachitatu linathera m'mabotolo ndi m'mabelo osagulika. Sindikumuyeretsa ayi. Kuba kunalipo, bodza linalipo. Koma kwa zaka 8 ndinkauza anthu kuti ndalama zanga zonse zinadyedwa, pamene zina zinagula mankhwala a mayi amene anandibereka, pa nthawi imene ine ndinkabisala kwa iwo. Ndipo munthu amene ankawatembenuza pamphasa, kuwanyamula pa njinga kupita nawo ku chipatala, ndi yemwe ndinamukaniza kuponya kangachepe pa bokosi lawo.

Chovuta kwambiri chinali kupita kwa amalume. Kwathu wamkulu sapepesa kwa wamng'ono. Amangoyamba kumulankhula, n'kumutumizira nkhuku, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo aliyense amamvetsa. Ndinayesa kudziuza kuti njira imeneyo ndi yokwanira. Koma ndinali nditamunyoza pagulu, ndiye kupepesa kwa m'seri kukanakhala kudzisungira ulemu womwe uja. Tinakhala pa bwalo la amalume, alongo athu alipo, akazi athu alipo. Ndinatsika pa mpando n'kukhala pansi, ndipo ndinatchula chimodzichimodzi: kukana kumumvera, kubweza ndalama za bokosi, kumutsekera panja pa mvula. Mng'ono wanga analira ngati mwana. Amalume, amene pano maso awo saona bwino, anangofunsa ngati ndi ine ndithu amene ndikulankhula.

Ndinakauzanso abusa, ndipo pa msonkhano wa akulu a mpingo ndinanena ndekha kuti ndakhala ndikugawira anthu mgonero ndili ndi chidani ndi m'bale wanga wa bere limodzi. Ndinapempha kuti mgonero wotsatira ndikhale pa benchi. Mkulu wina wachikulire anandigwira dzanja potuluka n'kunong'ona kuti nayenso ali ndi mlongo wake amene sanalankhulane naye chiyambire mkangano wa munda. Sindikudziwa ngati anapitako. Ndinangoona kuti si ine ndekha amene ndinkatsitsa liwu pa mawu aja.

Za Durban ndinauza mng'ono wanga yekha, akazi anga atavomereza. Ndinkafuna adziwe chifukwa chimene foni inkangoitana.

Ndisanamize munthu kuti mkwiyo unachokeratu. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndinapita kukafunsa mtengo wa malata ndipo ndinabwerera ndili ndi chizungulire. Njira yonse mtima unkandiuza kuti nyumbayi ikanatha kalekale pa mtengo wa 2014 achikhala kuti si iyeyo. Ndinafika kunyumba n'kutsegula sutikesi. Kabuku ndinakagwira m'manja nthawi yaitali, kenako ndinagwada n'kuuza Mulungu zoona, kuti ndakwiyanso ndipo pandekha sindingathe. Tsiku limenelo ndinapereka kabukuko kwa mayi a kunyumba. Masamba olembedwa anakolezera mbaula, otsalawo amalembamo za banki m'khonde. Masiku oterowo amabwerabe, makamaka mwini nyumba akakweza lendi, ndipo ndimayambanso pomwepo.

Ndalama sanabweze, ndipo ndinamuuza kuti asadzabweze. Iye anati manja ali nawo. Chilimwe cha 2024 tinaumba njerwa limodzi, iye akuponda dothi, ine ndikunyamula chikombole, ana athu akuyala pa dzuwa. Tinayamba ndi nyumba yake chifukwa ana ake ankagona m'chisakasa cha mapepala apulasitiki. Uvuni wachiwiri unali wanga. Tinazula chisoso m'maziko aja, mmisiri anati akadali olimba, ndipo tinapitiriza khoma kuchokera pomwe linaimira. Lamulungu amakhala pa benchi yachitatu, ndipo tsiku limene ndinamupatsira chikho cha mgonero manja anga ankanjenjemera kuposa ake.

Zipinda ziwiri tinakhoma, ndipo tikugonamo. Chachitatu chikadali chapululu, patsala malata 12. Loweruka likubwerali mng'ono wanga akubwera ndi makwerero kuti tiyale mitengo ya denga.