Dongo la m'shopu lafika kwa ambuya ku Nkwali

Buku lojambulamo limayamba kufa pa chikuto. Mapepala a m'kati angakhale akali oyera, koma kunja kwatha kale: makona apindika, thukuta la m'manja ladetsa, mvula inadonthapo tsiku lina pa siteshoni. Ndipo anthu amaweruza ndi chikutocho. Ukatulutsa buku lonyozeka pamaso pa bwana amene afuna munthu womulembera saini pa shopu, asanatsegule n'komwe wakuika kale m'gulu la ana a sukulu. Inu amene mumajambula mu Chawama, Matero kapena Kanyama mudziwa zimene ndikamba.

Langa limavutika kuposa anu, chifukwa chaka chilichonse limakwera basi. Kwao kwa amayi ndi ku Mambwe, mudzi wa kufupi ndi Nkwali. Kuchoka ku Lusaka ndi makilomita opitirira 500 pa Great East Road kufika ku Chipata, kenaka ena opitirira 100 kutsikira ku Mfuwe. Alendo amaidziwa Nkwali ngati kampu ya Robin Pope Safaris pa gombe la Luangwa, moyang'anana ndi South Luangwa National Park tsidya lina. Ife timaidziwa ngati malo amene njovu zimaolokera mtsinje kubwera ku mbali ya anthu. Ndimapita kukajambula nyama, ndipo mu Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40. Fumbi, thukuta, chiswe ukaiwala buku pansi. Chikuto cha katoni sichimaliza ulendo umodzi.

N'chifukwa chake ulendo wathawu ndinanyamula polymer clay. Amene simunaionepo: ndi timabuloko tofewa ta mitundumitundu, timene amagulitsa m'mashopu ena a zida za ojambula. Dzina lake likuti dongo, koma mulibe dothi olo pang'ono. Ndi PVC, pulasitiki imodzimodzi ya mapaipi a madzi, yosakaniza ndi mafuta oifewetsa. Yotchuka ndi Fimo, imene inayambira ku Germany m'manja mwa Fifi Rehbinder, mwana wa mayi wopanga zidole Käthe Kruse, ndi Sculpey ya ku America. Siiuma ndi mphepo. Imalimba ukaiphika mu uvuni, Fimo pa madigiri 110 kwa mphindi 30. Kabuloko kamodzi ndi magalamu 57 chabe, ndipo mtengo wake suli wa masewera. Ndinagula tatu: kofiirira, koyera ndi kakuda.

Ambuya anga ndi woumba mbiya. Kapena ndinene kuti anali, chifukwa papita zaka asanaotche mtsuko. Ndani agule mtsuko pamene chigubu cha pulasitiki sichisweka olo mwana achigwetse pa mjigo? Ntchito yao inaphedwa ndi pulasitiki, manje mdzukulu wabwera ndi pulasitiki m'chola, ati ni dongo.

Anatenga kabuloko, nakanunkhiza.

"Iwe, ili ni dongo la kuti? Silinunkha pansi."

"Ni la m'shopu, ambuya. Amaliphika mu stovu."

"Kuphika? Monga mandasi?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Dongo saphika, mwana iwe. Dongo amaotcha."

Sananame. Dongo lao amakumba ku mtapo, kulisinja, kusakaniza ndi mapale osinja kuti lisang'ambike, kuumba, kuumitsa pa mthunzi masiku angapo, kenaka kuliunjikira nkhuni ndi makungwa, moto wa madigiri mazanamazana. Mtsuko wotuluka m'menemo umachita thukuta, ndiye madzi amazizira popanda firiji. Polymer clay singachite zimenezo, ndipo siiyenera kuyandikira chakudya kapena moto. Koma dongo la ambuya nalonso silingakhale pa buku. Limafota likamauma, ukalipyapyalitsa limasweka, ukalinenepetsa buku lasanduka njerwa. Pa chikuto pafunika chinthu chopyapyala, chopepuka, chopindika pang'ono osathyoka, ndipo apa pulasitiki wapambana. Ndinawafotokozera choncho. Anangoti "hmm", nakhala pa mphasa kuona zimene ndichite.

Chimene ndinafuna kuika pa chikuto ndi khungu la nyamalikiti. Mtundu wa Thornicroft umapezeka m'chigwa cha Luangwa chokha, kulibe kwina pa dziko lonse, ndipo mawanga ake ali ndi m'mbali mokumbikakumbika ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi. Ukayenda pa dambo louma nyengo imeneyi, matope ong'ambika pansi amaoneka chimodzimodzi. Pateni imeneyi ili ndi phindu linanso: wanga lililonse ndi kachidutswa pakokha, ndiye chikuto chikapindika m'chola, chimapindikira m'mipata.

Kagwiridwe kake n'kotere. Umakanya dongolo m'manja mpaka lifewe, ndipo ku chigwa dzuwa lakuchitira kale theka la ntchito. Chenjerani chabe: mukalisiya pa dzuwa kapena m'motoka yotseka, limayamba kulimba lokha. Umalipyapyalitsa ndi botolo pa thailo, kufika ngati makoini awiri osanjikiza, n'kudula ndi lezala. Osaliika laliwisi pa pepala kapena pa katoni, mafuta ake amalowa n'kusiya banga. Zidutswa zimaphikidwa pazokha, pa thailo pomwepo, kumata pa buku kumabwera pambuyo.

Ndili m'kati modula, ambuya anatuma mwana kukathyola masamba a mupani, aja ooneka ngati gulugufe. Anaika tsamba pa chidutswa chimodzi, nasindikiza ndi chala chachikulu, nachotsa. Mitsempha yonse ya tsamba inatsala pa dongo. Kenaka anapempha chitsononkho, nachigubuduza pa chidutswa china monga amachitira pa khosi la mbiya. Ine ndinali nditaona pa YouTube anthu akugula zidindo ndi timipeni ta mtengo wapatali kuti apeze zomwezi.

"Likumvera," anatero, osandiyang'ana. "Koma lilibe msana. Ukalisiya likugona."

Apa mpamene anatsina kakuda ndi koyera, nayamba kupota pakati pa zala. Sanafunse chithunzi, sanajambule kaye ndi pensulo. Posakhalitsa panali nkhwali yaing'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu, khosi litatambasuka monga imachitira ikamalira m'mamawa. Ine ndajambula mbalame imeneyi kosawerengeka, ndipo ndinakhala chete.

Pali anthu kumudzi, ndi kukomboni komwe, amene amati ntchito zotere ndi masewera a ana. Apite ku Mfuwe akaone. Ku Tribal Textiles anthu amalipira ana sukulu ndi kupenta nsalu pamanja. Ku Mulberry Mongoose azimayi amapanga mikanda ndi zibangili kuchokera ku mawaya a misampha imene oteteza nyama amachotsa m'tchire. Amene amagula kumeneko safuna chinthu chofanana ndi cha pa intaneti, afuna chimene chikuonetsa kuti chachoka ku Luangwa. Ine maganizo anga ndi akuti ngati wawononga makwacha pa dongo lochoka kunja, n'kuumba timitima ndi timaluwa tomwe aliyense akuumba pa TikTok, ndalama ija wataya.

Kuphika ndiye kunali nkhani, chifukwa kumudzi kulibe uvuni. Ena anati tichite monga amaphikira keke, mchenga m'poto, malasha pansi ndi pamwamba. Ndinakana. Pa mbaula sudziwa kutentha kwafika pati, ndipo dongo ili likapserera limatulutsa utsi woipa woluma m'maso ndi pakhosi. Ndinanyamula thailo m'katoni pa njinga mpaka kwa msuweni wanga ku Mfuwe, amene ali ndi stovu ya malaiti. Tinavundikira ndi poto wakale amene saphikiramonso, tinatsegula mawindo, n'kupemphera kuti malaiti asapite mphindi 30 zisanakwane. Sanapite.

Zidutswa zikazizira umakwecha kumbuyo ndi sandipepa kuti guluu agwire, n'kumata ndi supaguluu pa chikuto cholimba, chimodzichimodzi. Musapopere spray paint kapena kupaka kyutekisi pamwamba kuti ziwale, zimapangitsa dongo kukhala lonata mpaka kalekale. Pukutani ndi nsalu ya jini, basi.

Nkhwali ya ambuya ndinaimata pakona ya pansi, kumanja, pamene ojambula amasaina. Nditawaonetsa, anaikanda ndi chikhadabo, naigogoda ndi kamwala, nayesa kuitsomphola. Sinachoke.

"Chatsala chingati chofiira chija?"

"Theka, ambuya."

"Usapite nacho ku Lusaka. Nifuna niyese mvuu."