NYUMBA YOKUMBUKIRA ASILIKARI KU NEW ORLEANS

Mlendo akalowa m'nyumba yosungiramo za Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse mumzinda wa New Orleans, ku America, apatsidwa kakhadi konga kacitsulo kamene asilikari anali kubvala m'khosi. Kakhadiko kamuonetsa munthu mmodzi amene anaiona nkhondoyo ndi maso. Kenaka akhala m'ngolo ya sitima, monga anacitira anyamata potsazikana ndi makolo ao.

Kucokera pamenepo mlendo atsata mbiri ya munthu uja cipinda ndi cipinda, mtima uli m'mwamba, pakuti sadziwa ngati anabwerako wamoyo. Mwa anthu 16 miliyoni a ku America amene analowa usilikari, oposa 400,000 anafa.

Nyumbayi inatsegulidwa pa 6 June 2000. Anaimanga mumzinda umenewu cifukwa ndimo munali kupangidwa mabwato a Higgins, acitseko kutsogolo, amene anatula asilikari pagombe la Normandy mu 1944.

Cipinda cina cikamba za Burma. Kumeneko kunamenyanso asilikari athu a Northern Rhodesia Regiment, ndipo dzina la Arakan Barracks ya mu Lusaka linacokera komweko.