Mzere Woyera Pankhope ya Agogo

M'chaka cha 2018 amalume anandipatsa udindo wojambula chinkhoswe cha mlongo wanga kumudzi kwathu ku Dedza. Kamera inali yakale, ya matepi a MiniDV, yomwe iwo anabwera nayo kuchokera ku America. Masana zonse zinayenda bwino, koma mwambo unachedwa kutha, moti agogo aakazi anaimirira kupereka malangizo kutada. Pakhonde panali babu limodzi lowala kwambiri ndi getsi lina lalitali la chubu. Ine ndinaima moyang'anizana ndi magetsiwo n'kuyamba kujambula.

M'mawa mwake titaonera tepi ija, mtima wanga unasweka. Mzere woyera unkatsika kuchokera pababu n'kudutsa pankhope ya agogo. Pambali pawo pankayandama kadontho kobiriwira, ndipo chithunzi chonse chinkaphethira. Azakhali anagwira pakamwa nati, "Mwanangu, uwu ndi mzimu wa agogo ako aamuna." Patangopita miyezi inayi agogo anamwalira, ndipo tepi yoonongekayo inasanduka chithunzi chawo chomaliza.

Chisoni ndicho chinandikakamiza kufufuza chomwe chinalakwika. Ndinapeza kuti vuto lililonse linali ndi gwero lake. Makamera ambiri a nthawi ya matepi anali ndi kachipangizo kolandira kuwala kotchedwa CCD. Kuwala kwamphamvu kukagwera malo amodzi mumdima, kumasefukira m'kanjira komwe kachipangizoka kamatumizira chithunzi, n'kupanga mzere wochokera pamwamba mpaka pansi. Kadontho kobiriwira kanali chithunzi cha babu lomwe lija. Amalume anamangirira kagalasi koteteza kumaso kwa kamera, ndipo kuwala kunkanjanja pakati pa kagalasiko ndi magalasi a m'kati.

Kuphethira nako kunali ndi chifukwa chake. Magetsi a kuno kwathu amayenda pa 50 Hz, choncho getsi la chubu limawala n'kuzilala ka 100 pa sekondi, ngakhale maso athu saona. Kamera ya amalume inapangidwira dziko la 60 Hz, motero kutsegula ndi kutseka kwake sikunkagwirizana ndi getsilo. Mafoni ndi makamera a masiku ano, omwe ambiri ali ndi CMOS, sapanga mzere woyera uja, koma pansi pa magetsi otere amatha kuonetsa mizere yopingasa.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti mankhwala ake sanali a ndalama. Ndikanangosuntha mapazi asanu kuti babu likhale kumbuyo kwanga, kuwala kukanagwera pankhope ya agogo osati m'diso la kamera. Ndikanamasula kagalasi kaja, mzimu wa azakhali sukanaoneka. Ndikanazimitsa chubu n'kusiya babu lokha, kuphethira kukanachepa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadyadi.

Masiku ano ndikapemphedwa kujambula usiku, ndimafika dzuwa lisanalowe kuti ndione komwe kuli magetsi. Kukada ndimajambula kwa mphindi imodzi n'kuonera mwambo usanayambe. Ngati kamera ikulola, ndimaika liwiro la shutter pa 1/50.

Tepi ya agogo tikusungabe. Nkhope yawo sioneka bwino, koma mawu awo amamveka onse, ndipo mlongo wanga amatseka maso akamaimvetsera.