Tisabise Ana Tsiku la Mankhwala a Likodzo



Pa madrasa yathu kuno kwa Chisepo, m'boma la Dowa, mnyamata wina anayamba kujomba nthawi ya Swala. Titamuitanira pambali, anatiuza mwamanyazi kuti akukodza magazi, choncho ankadziona ngati wodetsedwa. Kwawo anamuuza kuti ndiko kukula kwa mwamuna. Ayi ndithu, linali likodzo limene analitenga posambira kudambo.

Inu a kunyanja, ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, matendawa mukuwadziwa kuposa ife. Tizilombo take timatuluka mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu. Tikalekerera timawononga chikhodzodzo.

Mankhwala ake ndi praziquantel. Kuyambira 2007, kampani ya Merck ya ku Germany yakhala ikupereka mankhwalawa mwaulere kudzera ku bungwe la WHO, makamaka kwa ana asukulu a mu Africa. Azaumoyo amayeza kutalika kwa mwana pandodo kuti adziwe mapiritsi omuyenera.

Chotimvetsa chisoni n'chakuti tsiku logawa likafika, makolo ena amabisa ana m'nyumba poopa mphekesera zoti mankhwalawa amaletsa kubereka. Komatu likodzo losachizidwa ndi limene lingabweretse vuto lotere. Chofunika n'chakuti mwana adye phala kapena nsima asanamwe, kuti asamve chizungulire.

Chisilamu chimatiphunzitsa kufunafuna mankhwala tikadwala, uku tikudalira Allah wochiritsa. Mphatso yafika pakhomo. Kuibweza n'kulakwira mwana.

Mnyamata uja anamwa. Lero amaimirira pamzere woyamba mu mzikiti. Alhamdulillah.