Mwala wa kuseri kwa nkhokwe

Kuseri kwa nkhokwe ya a malume, kwathu ku Ntcheu, kunali mwala wathyathyathya umene mudzi wonse unkanolerapo. Pakati pake panali pokumbika ngati mphero, ndipo nthawi ya dzinja nkhuku zinkamwa madzi pamenepo. Zikwanje, nkhwangwa, kasemasema, mipeni yosendera mbatata, zonse zinkadutsa pa mwala umenewo. A malume anali wosula. Cha m'ma 1979, ndili mwana wa pulayimale, ntchito yanga inali kuvukuta mvukuto iwo akutembenuza chidutswa cha sipuling'i ya galimoto pa makala. Akachisula, ankachipala ndi tupa chisanalimbitsidwe, kenako kuchiwotchanso, kuchiviika, ndiye kukakhala pa mwala paja ndi chikho cha madzi mpaka dzuwa kupendeka. Mpeni umodzi, tsiku lathunthu.

Ndikadandaula za msana, ankati, "Iwe, mwala uwu ndinaupeza ndipo ndidzausiya. Wofulumira ndi ndani pakati pa iwe ndi iwo?" Kuchokera pamenepo ndinakula ndi maganizo akuti chonolera chabwino ndi chimene sichitha. Maganizo amenewa anandiwonongetsa mipeni yambiri.

Nditabwera ku Blantyre ndinapeza malo m'mbali mwa anzanga owotcherera zitsulo ku Ndirande, ndipo mu 1996 ndinagula galayindala yanga yoyamba, ya patebulo, yogwirapo kale ntchito. Inabwera ndi gudumu lotuwa lolimba ngati nsangalabwe. Ndinalikonda kwabasi. Miyezi inkatha ilo osachepa, moto uli thethethe, ntchito ya tsiku lonse ya a malume ine n'kuimaliza phala lisanazizire. Koma mipeni inayamba kubwerera. Mayi wina wogulitsa nyama anandiponyera wake patebulo n'kunena kuti, "Bambo, mwandigulitsa mpeni kapena supuni? Ndingodula kawiri wabuntha kale."

Amene ananditsegula maso ndi mkulu wina yemwe anakhalitsa ku Joni akugwira ntchito m'mashopu a zitsulo. Anandiyang'ana ndikunola, n'kuloza kamzere kabuluu kamene kanatuluka m'mphepete mwakuthwa. Ine ndinkakayesa kokongoletsa. Iwo anati apo ndiye pamene ndaphera mpeni. Chitsulo cholimbitsidwa chikatentha chimasintha mtundu: chikafika cha m'ma madigiri 220 chimaoneka ngati udzu wouma, chikayandikira 300 chimasanduka buluu, ndipo pamenepo kulimba kuja kwathawa, sikubwereranso pokhapokha utayambiranso pa moto. M'mphepete mwa mpeni ndi mopyapyala, motero mumapsa chala chako chisanamve n'komwe kutentha.

Vuto linali gudumu langa lokondedwa lija. Mkuluyo anandifotokozera kuti gudumu ndi timchenga takuthwa tomatidwa pamodzi. Kamchenga kalikonse kamadula kanthawi kochepa n'kubuntha. Gudumu labwino limakataya kuti katuluke kena katsopano pansi pake, ndiye kuchepa kwake kumene. Lolimbitsitsa limakakamira timchenga tobuntha, limasalala, limanyezimira, ndipo m'malo modula limangopekesa moto. Anandionetsa zilembo za papepala la m'mbali mwa gudumu, zonga A60K. A ndiye mtundu wa mchenga, aluminium oxide. 60 ndi kukula kwa timchengato. K ndi kulimba kwa chomatira, pa muyeso woyambira pa A wofewa mpaka Z wolimba. Chitsulo cholimba chimafuna gudumu lofewa. Ndinapita ku Limbe kukagula gudumu loyera, ndipo mtima unkandipweteka kuliona likuchepa mwezi ndi mwezi. Mayi wa nyama uja sanabwerenso ndi madandaulo, anabwera ndi anzake.

Mkulu uja anandiphunzitsanso chinthu chimene ndimachita mpaka lero ogulitsa akundiyang'ana ngati wamisala: kukoleka gudumu pachala n'kuligogoda pang'ono ndi chigwiriro chamtengo. Lamoyo limalira ngati kabelu. Losweka m'kati limangoti phu, ndipo limenelo ulisiye pomwepo, chifukwa likaphulika pa liwiro silisankha pogunda. Madisiki opyapyala a galayindala ya m'manja ali ndi nkhani yawo. Pa kamphete kachitsulo ka pakati pamadindidwa chaka chothera mphamvu, nthawi zambiri zaka zitatu chipangidwire, chifukwa chomatira chake chimafooka ndi chinyezi. Makina a 115 mm amazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi. Anyamata ambiri m'misika yathu amachotsa ngakhale chotchinga chake kuti disiki yaikulu ikwane, ndipo ine ndikawaona ndimadutsa kutali.

Malamba onolera anabwera mochedwa, kudzera pa foni. Mwana wanga anandionetsa pa YouTube opanga mipeni a ku America ndi makina awo a lamba wa mainchesi 2 mulifupi ndi 72 mulitali. Ubwino wake ndinauona msanga: lamba ndi wautali, timchenga timakhala ndi mpata wozizira tisanabwererenso pa chitsulo, ndipo kuseri kwake kuli chitsulo chathyathyathya chimene chimatulutsa mbali yowongoka, osati yokumbika ngati ya gudumu. Mnzanga wowotcherera anandipangira makina otengera pamenepo, ndi mota yakale ya mpope wamadzi. Koma malamba a msinkhu umenewo m'mahadiweya sindinkawapeza. Ndinkagula sandipepa wabulauni wa akalipentala, wa mpukutu, kumudula ndi kumumata ndekha. Pa thabwa ndi wabwino. Pa chitsulo cha sipuling'i ankayera mpeni wachiwiri usanathe, ndipo polumikiza panga pankathothoka n'kundikwapula pamkono.

Mlamu wanga woyendetsa thiraki ndiye anayamba kundibweretsera malamba enieni kuchokera ku Johannesburg. Oyamba anali a zirconia, abuluu. Timchenga take tikabuntha timabenthuka n'kutulutsa nsonga zatsopano, nzeru yomwe ija ya gudumu loyera koma tsopano ili m'kati mwa kamchenga kenikeniko. Kenako ndinamva za a ceramic, amene kampani ya 3M inayamba kutulutsa mu 1981 pa dzina la Cubitron, ndipo mu 2009 inatulutsa ena a timchenga toumbidwa mwa ngodya zitatu, tonse tofanana. Ndinaitanitsa awiri ndi ndalama zimene zikanagula thumba la chimanga n'kutsala. Sanakhalitse, anasalala ngati galasi mchenga udakalipo wonse. Lamba wa ceramic amafuna liwiro ndiponso kukanikiza kwamphamvu kuti timchenga tibenthuke, ndipo mota yanga ya mpope ndikangokanikiza inkaima. Anali malamba abwino pa makina osayenera. Ndinabwerera ku zirconia mpaka nditapeza mota yamphamvu.

Lero ndimasankha chonchi. Kusema thupi la mpeni ndimayamba ndi 36, kenako 60, ndipo apa ndi pamene ndimalolera kulipira zambiri, chifukwa ndi pamene chitsulo chochuluka chimachoka. Kuyambira 120 kukwera m'mwamba, wabulauni wotchipa amakwanira. Ndimatembenuza lamba kuona nsalu yake: ya chilembo Y ndi yokhuthala ndipo siopa madontho a madzi ochokera pa mpeni woviikidwa, ya J ndi yofewa, yoyenera kuzungulira chigwiriro. Chitsulo chongochoka pa moto chimakhala ndi khungu lakuda limene limapha lamba watsopano nthawi yomweyo, ndiye limenelo ndimalichotsa ndi lamba wokalamba. Watsopano ndimasungira mpeni umene walimbitsidwa kale, pamene kutentha kuli mdani. Ndipo sindiwerengeranso mtengo wa lamba ayi, ndimawerengera mipeni imene wandipatsa, ndi choko pakhoma.

Chiyeso chachikulu chinabwera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Lamba aliyense anasanduka chuma, ndipo ndinadzipeza ndikukakamira malamba othaitha, kukanikiza, kupempherera kuti adulenso kamodzi kokha. Kamzere kabuluu kaja kanabweranso. Munthu wa imvi kubwereza cholakwa cha mu 1996! Tsopano lamba akayamba kutenthetsa mpeni msanga ndimamutsitsa, ngakhale maso akundiuza kuti mchenga ulipo. Vuto lina limene a malume analibe ndi fumbi. Mwala wawo unali wonyowa nthawi zonse, pamene ine madzulo ndikamina zimatuluka zakuda, ndipo ndinayamba kuvala chotchinga mphuno nditawerenga za onola mipeni a ku Sheffield, amene fumbi la miyala youma linkawawononga mapapo adakali anyamata.

A malume anatisiya kalekale, nkhokwe inagwa, koma mwala uja ulipo. Chaka chatha ndinatengera mlongo wanga mpeni wa kukhitchini umene ndinaupanga mosamala, kuukwezera mpaka pa 400, wometa ubweya wa pamkono. Anaulandira ndi manja awiri, anauyesa ndi chala chachikulu, n'kunena kuti, "Achimwene, koma ndiye mwaunola." Kenako anatuma mwana kuti agwire tambala, iye n'kuzungulira kuseri, kuwaza timadzi pa mwala paja, ndi kuupititsapo mpeni wanga kawiri uku, kawiri uku.